Musanagule chinthu cha nthawi ya Gagarin ndi Apollo, yambani mwachitembenuza

Aliyense amene walowa m'nyumba mwanga kuno ku Manchester n'kuona kabati yagalasi ili pakona ya pabalaza, funso lake limakhala limodzimodzi: "Kodi zimenezi zinapitadi kumwezi?" Ayi ndithu. Mulibe ngakhale kanthu kamodzi kamene kanachokapo pansi pano. Muli masitampu, maenvulopu odindidwa, timabaji ta ku Soviet Union, nyuzipepala zofiirira ndi ukalamba, zithunzi ndi makobili angapo. Ndikayankha choncho ena amagwa ulesi, ena ndiye chidwi chimakula. Mwa achiwiriwa alipo angapo, ena ali ku Joni, ena ku Lilongwe, amene akhala akundifunsa kuti munthu wa ndalama zochepa angayambire pati. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, ndileke kumangobwereza zomwezomwezo pa WhatsApp.

Chidwichi ndinachitola kuntchito. Ndimasamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndipo gogo wina amene tulo tinkawavuta ankakonda kundisimbira za tsiku limene anaona ndi maso awo Yuri Gagarin wa ku Soviet Union, munthu woyamba kupita mumlengalenga. Nditafufuza ndinapeza kuti sankalota. Mu July 1961, patangopita miyezi itatu chizungulirireni dziko lapansi, Gagarin anabwera ku Britain ndipo anafika ku Manchester ataitanidwa ndi bungwe la anthu osungunula zitsulo, poti nayenso anaphunzira ntchito imeneyo asanakhale woyendetsa ndege. Kunkagwa mvula, koma iye anakana kuti atseke denga la galimoto, kuti anthu amene anandanda m'misewu amuone. Gogowo nthawi imeneyo anali mtsikana wa pafakitale, ndipo chimene chinawatsalira m'mutu si za roketi ayi, koma kuti munthuyo anali wamfupi ndi wansangala. Ndinayamba kusakasaka nyuzipepala ya tsikulo, ndipo posaka imodziyo ndinakumana ndi zina zonsezi.

Amene akuyamba adziikire malire, apo ayi azingogula chilichonse chimene pajambulidwa roketi. Anga amayambira pa 12 April 1961, tsiku limene Gagarin anazungulira dziko kamodzi m'chombo cha Vostok 1 pa ulendo wa mphindi 108, n'kulekezera mu July 1975, pamene chombo cha Apollo cha America ndi cha Soyuz cha Soviet Union zinalumikizana kumwamba, Thomas Stafford ndi Alexei Leonov n'kugwirana chanza. M'kati mwa zaka 14 zimenezo muli Alan Shepard ndi ulendo wake wa mphindi 15, John Glenn, wa ku America woyamba kuzungulira dziko, Valentina Tereshkova amene anazungulira dziko maulendo 48 mu 1963, Leonov yemweyo akutuluka kunja kwa chombo mu March 1965, maulendo a America otchedwa Gemini, moto wa Apollo 1, ndi anthu 12 amene anaponda pamwezi. Zimenezi n'zokwanira kudya malipiro a munthu moyo wake wonse.

Koma chimene ndikufuna chikukhaleni m'mutu n'chakuti wogulitsa amakuonetsani kumaso kwa chinthu, poti n'kumene kuli kokongola. Inu chitembenuzeni. Zaka za chinthu, amene anachipanga, ndi bodza ngati lilipo, pafupifupi nthawi zonse zimakhala kumbuyo. Ngati mukugula pa intaneti ndipo wogulitsa sanaike chithunzi cha kumbuyo, mupempheni. Akazengereza, mwadziwa kale.

Masitampu ndiwo khomo lotsika mtengo. Kuno Lamlungu m'mawa kumakhala misika imene anthu amagulitsira katundu wakale ali kumbuyo kwa galimoto zawo, kaunjika wa azungu, ndipo kumeneko mumapeza maalubamu athunthu a masitampu amene mwini wake anamwalira, ana sakudziwa chochita nawo. Paundi imodzi kapena ziwiri mumabwera ndi dzanja lodzaza. A ku Soviet Union ndiwo ochuluka, chifukwa boma lawo linkatulutsa sitampu pa ulendo uliwonse, ndipo mayiko anzawo monga Hungary, Poland, Romania ndi Czechoslovakia ankachitanso chimodzimodzi. Ya ku America imene ndimaikonda ndi ya masenti 4 yolembedwa Project Mercury, dzina la maulendo oyamba a America otumiza munthu mumlengalenga. Inasindikizidwa mwachinsinsi, n'kutumizidwa m'mapositi ofesi ili m'maphukusi omata, ndipo anaitsegula pa 20 February 1962, Glenn atangotera bwinobwino panyanja. Akanafa, sitampuyo sikanaoneka. Inayo ndi ya masenti 10 ya munthu woyamba pamwezi, yojambulidwa ndi Paul Calle, imene inatuluka pa 9 September 1969. Zonse ziwirizi zinasindikizidwa zochuluka zedi, kotero munthu asakunamizeni kuti n'zosowa.

Mukatembenuza sitampu, onani guluu. Mukapeza kuti kumaso ili ndi chidindo chaudongo pakona koma kumbuyo guluu ali wonse, sinayendepo pa kalata iliyonse. Inadindidwa ikadali pa pepala lalikulu, cholinga chake kugulitsa kwa otolera. Si yabodza, koma mtengo wake ndi wa pansi. Ambiri a kum'mawa kwa Europe ndi otere. Palinso masitampu akuluakulu owala, ena a golide wonyengezera, olembedwa Ajman, Manama, Fujeira kapena Umm al Qiwain. Amenewo ankasindikizidwa ndi makampani akunja m'dzina la timadera ta ku Arabia, ndipo ambiri sanafikeko n'komwe kumaderako. Ndili nawo angapo chifukwa amakongoletsa tsamba, koma sindinalipirepo kuposa mtengo wa buledi.

Envulopu ndi nkhani ina, chifukwa mtengo wake uli pa chidindo: malo ndi tsiku. Ya chidindo cha Cape Canaveral kapena Kennedy Space Center, kumene maroketi a America ankanyamukira, cha tsiku limene roketi inanyamuka, kapena cha sitima yapamadzi imene inavuula oyenda mumlengalengawo panyanja, ndi chinthu chabwino ndipo chimapezeka. Za ku Soviet Union ndiye zimafuna kuganiza. Munthu wina pa msika wa masitampu anandionetsa envulopu ya chidindo cha Baikonur cha 12 April 1961, akuti ya tsiku lenileni. Taganizani. Malo amene roketiyo inanyamukira anali achinsinsi, moti ngakhale dzina loti Baikonur analibwereka ku tauni ina ya migodi yomwe ili kutali, pofuna kusokoneza adani. Malo enieniwo ali pafupi ndi siteshoni ya njanji ya Tyuratam. Za ulendowo dziko linamva Gagarin ali kale m'mwamba. Nanga ndani anakonzeratu envulopu ya chithunzi chake n'kukaima nayo pa positi ofesi ya malo amene boma linkati kulibe? Ndinamuthokoza n'kupitirira.

Timabaji ta ku Soviet Union, timene eni ake amati znachki, ndi timene ana amakonda akabwera kwathu. Tinkapangidwa miyandamiyanda, ana asukulu ankasinthana, alendo ankagula m'masiteshoni. Tambiri ndi ta aluminiyamu, topepuka, topaka utoto, ndipo kumbuyo kumakhala kachizindikiro ka fakitale ndi mtengo wake m'makopeki (timakobili ta kumeneko) wodindidwa pachitsulo pomwepo, poti kumeneko mtengo unkaikidwa ndi boma. Tolemerako, ta mkuwa, ta utoto wolimba wowotcha pamoto, timakonda kukhala takale ndipo n'tokwererapo. Pano pali tatsopano topangidwira alendo, tosalala kumbuyo, tomangira ndi kabatani m'malo mwa pini. Mukagwira takale tingapo, dzanja limayamba kudziwa lokha.

Pa zithunzi ndikhalitsapo, chifukwa apa m'pamene anthu amalipira ndalama zambiri pa pepala wamba. NASA, bungwe la boma la America loona za maulendo a mumlengalenga, inkatulutsa mitundu iwiri. Wina ndi zithunzi zenizeni zotsukidwa pa pepala la Kodak, zimene zinkapita kwa ogwira ntchito, makampani ndi atolankhani. Wina ndi zosindikizidwa pa makina ngati magazini, zimene ankatumizira mwana aliyense wolemba kalata yopempha. Mukayang'ana ndi galasi lokuza zinthu, chosindikizidwacho chimaoneka timadontho tandandanda, pamene chotsukidwacho mtundu wake ndi wosalala wopanda madontho. Zonse n'zakale, zonse n'zabwino kusunga, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Chotsukidwa chimodzi chimene ndili nacho ndinachipeza m'bokosi la mapepala a munthu amene anali mtolankhani. Ndi cha mainchesi 8 kwa 10. M'mphepete mwake, pamwamba chakumanzere, muli mawu oti NASA ndi nambala, zolembedwa mofiira. Nambala zimenezi zili ndi dongosolo: AS11-40-5903, mwachitsanzo, ndi ulendo wa Apollo 11 (woyamba kufikitsa anthu pamwezi), filimu ya nambala 40, chithunzi cha 5903, chija chotchuka cha Buzz Aldrin ataima pamwezi. Ndinachitembenuza n'kuchipendeketsa pawindo, ndipo mawu otuwa oti "A Kodak Paper" anaoneka obwerezabwereza pepala lonse. Amenewo ndi a m'ma 1960 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1970. Likakhala pepala lolembedwa "This paper manufactured by Kodak", ndi la pambuyo pake. Likakhala loyera mbee kumbuyo, kapena lili ndi dzina la pepala la printa ya masiku ano, ndiye kuti wina wangochikopera pa intaneti, pomwe zithunzi za NASA zimapezeka zaulere. Nambala yofiira payokha si umboni, poti printa iliyonse imatha kulemba mofiira. Kumbuyo kwa changachi kulinso chidindo cha nyuzipepala ndi zizindikiro za pensulo zosonyeza podula, ndipo zimenezo ine ndimaziwerengera kuposa kukongola kwa kumaso.

Ndingotchulapo kuti mukaona wogulitsa walemba kuti "Armstrong pamwezi" pansi pa chithunzi cha munthu woima chilili atayang'ana kamera, dziwani kuti sakudziwa katundu wake. Kamera ya Hasselblad nthawi yambiri inali ndi Neil Armstrong, munthu woyamba kuponda pamwezi, choncho wojambulidwayo ndi Aldrin. Armstrong amangooneka kakang'ono m'galasi la chipewa cha mnzakeyo.

Mabaji ansalu osokerera pa zovala nawo ali ndi msampha wake. Mwambo woti ulendo uliwonse ukhale ndi baji yake unayamba ndi Gemini 5 mu August 1965, pamene Gordon Cooper ndi Pete Conrad anasankha chithunzi cha ngolo yofunditsidwa nsalu ndi mawu oti "8 Days or Bust". Mkulu wa NASA, James Webb, analola ngoloyo koma analamula kuti mawuwo aphimbidwe, kuopa manyazi ngati akanabwerera masiku asanu ndi atatu asanakwane. Ndiye kuti mabaji onse a maulendo a Mercury, komanso a Gemini 3 ndi 4, anapangidwa pambuyo ngati chikumbutso. Glenn sanavalepo baji ya chombo chake cha Friendship 7. Ya Apollo 11, ya chiwombankhanga chonyamula nthambi ya azitona, ilibe mayina a anthu atatuwo, mwadala. Makampani odziwika amene ankapanga anali A-B Emblem ndi Lion Brothers, ndipo A-B Emblem ikupangabe mpaka lero, kotero baji ikhoza kukhala ya kampani yeniyeni koma ya chaka chatha. Tembenuzani: zakale kumbuyo kumaoneka ulusi ndi kansalu kopyapyala, zatsopano zambiri zimakhala zomatidwa pulasitiki. Palinso zosindikizidwa pa nsalu yoyera yosagwira moto yotchedwa Beta cloth, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito moto utapha Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee m'chombo cha Apollo 1 pa 27 January 1967. Zimenezo ndi zokwera mtengo ndipo sizifuna kupindidwa, chifukwa ulusi wake ndi wagalasi, umathyoka.

Tsopano siginecha. Apa ndimauza anthu mosapsatira kuti chaka choyamba azingoyang'ana, asagule.

Oyenda mumlengalenga a ku America ankalandira makalata ochuluka moti sakanatha kusaina onse, choncho ofesi yawo inkagwiritsa ntchito makina otchedwa autopen, amene amagwira cholembera chenicheni n'kumatsatira siginecha yosemedwa kale. Inki ndi yeniyeni, chithunzi n'chakale, envulopu inachokeradi ku ofesi yawo ku Houston, ndipo munthu amene akugulitsa nthawi zambiri sakunama: analandiradi ali mwana ndipo wakhala akukhulupirira zaka zonsezi. Koma dzanja la munthu silinakhudzepo. Makinawo amadziulula. Mzere wake ndi wonenepa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamene dzanja limatsindika pena n'kupepuka pena. Poyambira ndi pothera pamakhala kadontho, poti cholembera chimatera n'kunyamuka chilili. Nthawi zina mzerewo umanjenjemera pang'ono. Ndipo chachikulu, siginecha ziwiri za makina zimagwirizana ndendende mukazisanjikiza, zimene munthu sangachite ngakhale atayesetsa. Otolera anzathu anasonkhanitsa zitsanzo za ma autopen onse odziwika n'kuziika pa intaneti, ndipo kufananitsa kumatenga mphindi zochepa.

Abodza enieni ndi amene amasaina okha. Armstrong anasiya kusainira anthu cha m'ma 1994 atazindikira kuti siginecha yake yasanduka malonda, ndipo anamwalira mu 2012, choncho yake ndi imene imakopedwa kwambiri. Njira yanga yosavuta ndi ya kalendala. Ndinaonapo positikhadi ya Gagarin yosainidwa bwino, inki yabuluu, mtengo wokopa. Mapositikhadi a ku Soviet Union kumbuyo kwake, m'munsi, mumakhala timalemba ting'onoting'ono tosonyeza wosindikiza ndi chaka. Ndinaika galasi pamenepo, ndipo chaka chake chinali cha m'ma 1970. Gagarin anafa pa ngozi ya ndege pa 27 March 1968. Wogulitsayo ndinangomulozera chakacho, iye n'kubweza khadilo m'bokosi osanena kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti analigulitsa kwa wina tsiku lomwelo. Chimodzimodzi siginecha ya Grissom kapena White pa chithunzi cha munthu ali pamwezi, kapena ya Vladimir Komarov, amene anafa mu April 1967, pa chinthu chokumbukira imfa yake yomwe. Zikumveka zoseketsa, koma zimagulitsidwa.

Chikalata chotsimikizira kuti chinthu n'chenicheni musachipatse ulemu woposa munthu amene wachisaina. Amene angakope dzanja la Armstrong sangalephere kusindikiza chikalata cha malire agolide.

Zilipo siginecha zimene mbiri yake ndi yolimba, ndipo zimandikhudza mtima ngakhale sindingazikwanitse. Anthu a Apollo 11 asananyamuke anasaina maenvulopu mazanamazana n'kusiyira mabanja awo, kuti akapanda kubwerera akazi awo adzagulitse apeze zolerera ana, poti inshuwalansi ya ulendo wotere inali yodula mosaneneka. Maenvulopuwo anadindidwa pa masiku a ulendowo, ndipo mwambowu unapitirira mpaka Apollo 16.

Zinthu zimene zinaulukadi ndi dziko la anthu ena. Jekete imene Aldrin anavala pa ulendo wa Apollo 11 inagulidwa pa okushoni ya Sotheby's mu 2022 pa madola oposa 2.7 miliyoni. Kathumba kamene Armstrong anaikamo miyala, kamene mayi wina wa ku Illinois anakagula pa madola 995 boma litakagulitsa molakwitsa, kanapita pa madola 1.8 miliyoni mu 2017. Mamendulo asiliva a kampani ya Robbins, amene oyenda mumlengalenga ankanyamula kuyambira pa Apollo 7, ali ndi manambala awo. Ngakhale umwini wa zinthu zotere unali pa mkangano: Jim Lovell atagulitsa kabuku ka malangizo ka Apollo 13 mu 2011, NASA inafunsa ngati kanalidi kake, mpaka mu 2012 boma la America linakhazikitsa lamulo loti a Mercury, Gemini ndi Apollo ndi eni ake a zikumbutso zimene anasunga, kupatula miyala ya kumwezi. Kale m'mbuyomo nkhani ya malonda inawonongapo ntchito za anthu. A Apollo 15, David Scott, Alfred Worden ndi James Irwin, ananyamula maenvulopu pafupifupi 400 opanda chilolezo mu 1971, ndipo 100 mwa iwo anakathera kwa wogulitsa masitampu wa ku Germany, Hermann Sieger. Zitaululika, palibe mwa atatuwo anaulukanso.

Chimene chimafika kwa ife a matumba ang'ono ndi tizidutswa: kachidutswa ka pepala lonyezimira lokuta chombo, kochepa kuposa chikhadabo, komatidwa pa khadi lokongola. Tina n'toona, todulidwa ku chidutswa chimene wogwira ntchito wina anasunga chombo chitavuulidwa. Koma inu mulibe njira yodziwira poyang'ana, chifukwa pepala lotere limagulitsidwa mpaka lero ndipo kumbuyo kwake sikunena kanthu. Pamenepa lamulo langa lotembenuza limalephera, ndiye ndimangozisiya.

Mwana wa mlongo wanga anandiimbira tsiku lina kuchokera kumudzi, mawu ali m'mwamba.

"Amalume, pali munthu akugulitsa mwala wa kumwezi. Akuti anapatsidwa ndi mzungu wina amene ankagwira ntchito ku NASA. Ndimuuze kuti mukuufuna?"

"Mphwanga, umuuze ausunge bwino, ndipo iwe usatulutse ngakhale tambala."

Maulendo a Apollo anabweretsa makilogalamu 382 a miyala ndi dothi, ndipo zonsezo ndi katundu wa boma la America. Palibe wogwira ntchito amene anapatsidwa kuti apite nazo kwawo. Zimene zinatuluka mwalamulo ndi timphatso timene Pulezidenti Nixon anapereka ku mayiko 135 pambuyo pa Apollo 11 ndi Apollo 17, timiyala tating'ono totsekeredwa m'pulasitiki pa thabwa lokhala ndi mbendera ya dzikolo. Timeneto ndi chuma cha mayikowo. Ka ku Honduras, kolemera galamu imodzi ndi pang'ono, munthu anafuna kukagulitsa pa madola 5 miliyoni mu 1998, ndipo amene ankati ndi ogulawo anali apolisi achinsinsi. Ngakhale akuluakulu amapusitsidwa: nyumba yosungira zinthu zakale ya Rijksmuseum ku Amsterdam inasunga "mwala wa kumwezi" mpaka mu 2009, pamene anauyeza n'kupeza kuti ndi mtengo wakale umene unasanduka mwala. Timchenga titatu ta chombo chopanda anthu cha Luna 16, timene boma la Soviet Union linapatsa mkazi wamasiye wa Sergei Korolev, mkulu wopanga maroketi a dzikolo, tinagulitsidwa poyera, madola 442,500 mu 1993 ndi 855,000 mu 2018. Ndiye mwala wodzaza dzanja wa pa WhatsApp muuganizire nokha.

Za ndalama ndinene pang'ono, poti ambirife tili kunja kuno ndi anthu kumudzi otiyang'ana. Mayi a kunyumba kwanga anandifunsapo akuona envulopu ina ikufika: "Abambo, kodi mapepala amenewa tidzadya?" Funsolo linali loyenera. Tinagwirizana kandalama ka pamwezi kamene sindidutsa, ndipo kamabwera pambuyo pa lendi ndi fizi ya ana a kumudzi. Musalowe m'zimenezi poganiza kuti mudzalemera. Zinthu zotsika mtengo zimakhalabe zotsika mtengo, chifukwa zinapangidwa zambiri ndipo mabanja ambiri anasunga. Nyuzipepala ya 21 July 1969, yonena za kutera pamwezi, pafupifupi nyumba iliyonse kuno inaibisa m'dirowa. Dola yachitsulo ya Eisenhower, imene inayamba mu 1971 ndipo kumbuyo kwake kuli chiwombankhanga cha Apollo 11 chikutera pamwezi, imapezeka pa mapaundi ochepa. Ubwino wake ndi womwewo: n'zenizeni, n'za nthawi yomweyo, ndipo palibe amene amavutika kuzipanga zabodza.

Kusunga kumaononga zinthu zambiri kuposa akuba. Selotepi ndi mdani. Imasiya banga lofiirira losachoka. Musamatire chithunzi kapena nyuzipepala m'pulasitiki wotentha uja wa ma ID, poti zikatero sizibwereranso. Mapulasitiki ofewa onunkha amatulutsa mafuta amene amamata pa chithunzi ndi kudya makobili, choncho funani timatumba topangidwira masitampu ndi zithunzi. Dzuwa limafufutitsa inki, makamaka yofiira, ndiye chimene mukufuna kupachika pakhoma chikhale chokopera, chenicheni chikhale mumdima. Nyuzipepala isagundane ndi zithunzi chifukwa pepala lake limathimbiriritsa anzake. Sitampu igwireni ndi kachitsulo kopanira, osati zala. Amene muli kumudzi muli ndi adani owonjezera, chinyezi cha dzinja, njenjete ndi chiswe: bokosi lotseka bwino, lokwezedwa pamwamba, ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, zimathandiza. Ndiponso khalani ndi kope lolembamo kumene mwagula chinthu chilichonse, liti, pa ndalama zingati, ndi zimene wogulitsa ananena. Malisiti ndi maenvulopu amene chinabweramo musataye.

Masiku ano mtima wanga wapita ku mbali ya Africa ya nkhaniyi, imene otolera a kuno saiyang'ana kwenikweni. Pamene Glenn ankazungulira dziko, ena mwa masiteshoni amene ankalankhula naye anali ku Kano m'dziko la Nigeria ndi ku Zanzibar, ndipo ya ku Zanzibar inatsekedwa boma litasintha mu 1964. Gagarin anayendera Egypt, Ghana ndi Liberia mu 1962. Anthu a Apollo 11 pa ulendo wawo wozungulira mayiko anaima ku Kinshasa mu October 1969. Mayiko monga Togo, Liberia, Burundi ndi Rwanda anatulutsa masitampu a maulendowa, ndipo imene inayendadi pa kalata, yokhala ndi chidindo cha tauni ya ku Africa, ine ndimaiona yamtengo kuposa khumi zosagwiritsidwa ntchito. Kwathu ku Malawi kunalibe wailesi yakanema nthawi imeneyo, anthu anamva za kutera pamwezi pa wailesi ndi m'nyuzipepala, kotero chimene chinatsala ndi mapepala basi, ngati chiswe chinawasiya.

Ndipo pali Edward Mukuka Nkoloso wa ku Zambia, mphunzitsi wa sayansi amene anamenyapo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso kumenyera ufulu wa dziko lake. Mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu, iye analengeza kuti adzafika kumwezi ndi ku Mars asanafike a America ndi a Russia. Ankaphunzitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka powalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pa chitunda, ankati adzatumiza mtsikana ndi amphaka, ndipo anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni amene sanabwere. Atolankhani akunja anamuseka, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati ankanenadi zoona kapena ankaseka azunguwo mochenjera. Kaya zinali bwanji, ndi gawo la nthawi imeneyo, ndipo zolembedwa za iye za m'chaka chomwecho n'zovuta kupeza kuposa baji iliyonse ya Apollo.

Choncho inu a ku Chipata, Katete, Lusaka, Zomba kapena Blantyre, mukapita kwa agogo funsani za sutikesi ija ya pansi pa bedi. Mukapezamo nyuzipepala ya 1961, 1964 kapena 1969, kabuku kamene ofesi za America kapena za Soviet Union zinkagawa, kapena kalata yokhala ndi sitampu ya roketi, musadule kachigawo kokhala ndi chithunzi, ndipo musamatule sitampu pa envulopu. Sungani chonse mmene chilili, mufunse agogowo kuti anachipeza bwanji, mulembe yankho lawo pa pepala lina, n'kuika pamodzi.